Munthu wa Mutu wa Sefa

Nkhani iyi anandiuza ndi Lapo, mkulu wina wonola mipeni, tsiku lomwe mvula inatitsekereza pakhonde la tchalitchi m'njira ya ku Pisa. Iye anali ndi nkhani, ine ndinali ndi vinyo, ndiye tinasinthana. Ankati zinachitikira ku Livorno, m'kanjira ka kuseri kwa doko, iye akadali ndi mano onse.

M'kanjirako munkakhala a Zanobi, mmisiri wosindikiza zithunzi. Anzawo ankajambula oyera mtima ndi zombo, zinthu zogulika. Iwo ayi. Ankajambula anthu osabadwa: wina mutu wake sefa, mikono zipande, miyendo mbaniro, wina thupi lonse maloko ndi makiyi, akuvina ndi mkazi wa madengu okhaokha. Ndipo sankajambula za m'mutu. Ankabwereka ziwiya zenizeni kwa anansi, n'kuzimanga ndi zingwe mpaka zitaima ngati munthu, kenako n'kukhala pansi ndi singano yawo kumakanda pa lata la mkuwa lopaka phula. Kubwereka ankakudziwa bwino, kubweza ndiye kunkawavuta. M'kanjira monsemo munalibe khomo lomwe silinkasowa kanthu.

Choncho zitamveka kuti a Zanobi nawo aberedwa, anthu anayamba aseka kaye asanafunse chomwe chabedwa. Kuseka kunatha atamva kuti chasowa ndi lata lawo lalikulu lija, lomwe analikanda nyengo yonse yozizira, ndiponso kuti apolisi atenga Taddeo.

Taddeo ndiye ankapukusa chosindikizira cha a Zanobi. Anali mwamuna wa mikono ngati nsanamira, wofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, analeredwa ndi azakhali ake, mayi Dianora, mzamba wa m'dera lonselo. Kapitawo wa apolisi atangoona mikono ija anamwetulira. Ngalawa zankhondo zinkasowa opalasa, zinali pafupi kunyamuka chikondwerero cha Santa Giulia chikangotha, ndipo munthu wokwera m'menemo ndi unyolo kumwendo sankabwerako kawirikawiri.

Mayi Dianora sanalire. Anamanga mpango natsikira kundende.

*

Alonda sanawaletse, poti ambiri mwa iwo anafika m'dziko lino kudzera m'manja mwa mayiwo. Anapeza Taddeo atakhala pa udzu, akutafuna.

Anamufunsa mosazungulira ngati m'mawa wa tsiku lomwe lata linasowa ananyamuladi chinthu chafulati m'thumba kulowera kudoko, monga anthu ankanenera. Iye anavomera. Koma linali thabwa lodulirapo nyama, anatero, la wophika wa m'chombo china cha ku Genova. A Zanobi analibwereka kuti likhale chifuwa cha munthu wawo wina, ndipo iye anangolibweza mwakachetechete, monga ankachitira nthawi zina eni ziwiya akayamba kutukwana. Tsoka lake, chombocho chinanyamuka masana omwewo.

“Mboni yako ili panyanja, iwe uli pa udzu,” anatero mayi Dianora. “Nanga latalo unaliona komaliza lili pati?”

“Kuseri kwa chitseko, azakhali. Abwana anali atalipakanso phula n'kulifukiza ndi kandulo kuti awonjezerepo zina. Linali bii. Mukanaliona mukanati n'chotsekera ng'anjo, chithunzi chosaoneka n'komwe.”

“Ukutafunacho n'chiyani?”

Unali mkate wa ufa wa tchana, nyemba zachikasu zija, wowaza tsabola, ukadali wofunda. A Bindo ophika mkate pangodya paja, anatero Taddeo, ankamutumizira m'mawa uliwonse chilowereni m'ndendemo, waulere. Ananena izi misozi ili lengelenge, akuti sankadziwa kuti ali ndi abwenzi otere.

Mayi Dianora anayang'anitsitsa mkatewo. Bindo ankamudziwa kuyambira akukwawa. Munthu uja, fungo la mkate likanakhala logwirika, akanaliika pasikelo n'kuligulitsa. Chinanso, chidutswa chomwe Taddeo anagwira chinali cha ngodya zinayi, pamene mkate wa tchana chiyambire umaphikidwa m'chiwaya chozungulira n'kudulidwa mosongoka.

“Idya, mwana wanga,” anatero. “Ine ndikaoneko anthu.”

*

A Zanobi anawapeza atakhala pansi, manja kumutu, inki mpaka m'ndevu. Patsogolo pawo panaima munthu wawo watsopano, wamtali kuposa chitseko. Mutu wake unali sefa ya mayi Dianora, yomwe inachoka pakhomo pawo Khirisimasi isanakwane. Mikono inali zipande, miyendo mbaniro za wosula zitsulo, phewa limodzi chisoti chachitsulo, ndipo pamimba panali chiwaya chachikulu chozungulira, chomangidwa ndi mfundo zosawerengeka.

Mmisiriyo sanayembekeze kufunsidwa. Anayamba kulira ana ake, ndiye kuti anthu a palata aja. Akuti unali mdipiti wonse, wa mutu wa sefa ali patsogolo, kumbuyo kwake wa mvukuto, wa maloko, mkazi wa madengu ndi kagalu ka masupuni. Ngati wina wawasungunula kuti apange ndowa, iwo sakanadyanso. Za Taddeo anati sankamufunira zoipa. Kapitawo anangowafunsa amene amasunga kiyi wina, iwo n'kuyankha, basi munthu n'kumangidwa. M'mawa wa tsikulo iwo anali m'chipinda cham'mwamba kufunafuna chingwe, ndipo sanaone aliyense.

“Chisoti ichi ndi cha ndani?” anafunsa mayi Dianora.

“Ndinachipeza chili padzuwa pazenera la apolisi. Chikuoneka kuti sichinali pantchito.”

“Nanga chiwayachi?”

“Cha Bindo. Ndinangochibwereka masana amodzi, iye ali ku Misa.”

“Munabwereka kwa munthu amene ali ku Misa?”

“Ndinasiya uthenga kwa mphaka wake, mayi.”

Anafotokoza kuti poyamba Bindo ankabwera akukuwa m'mawa uliwonse pobweretsa mkate, kunena kuti chiwaya chachikulu ali nacho n'chimodzi chokha, ndipo tiziwaya ting'onoting'ono tomwe watsala nato sitingadyetse anyamata onse a padoko. Koma masiku ano wasiya. A Zanobi ankaganiza kuti mwina wayamba kumvetsa luso.

“Anasiya liti kukuwa?”

Mmisiriyo anakanda ndevu, inki n'kufalikira patsaya.

“Mwatero inu, ndi masiku omwe latali linasowa.”

*

Moyang'anana ndi khomo la a Zanobi munkakhala mayi Piccarda, wamasiye woluka zokongoletsa m'mphepete mwa nsalu. Zala zawo zinkaluka zokha, maso ali pamsewu. Ndiwo anauza apolisi za thumba la Taddeo, ndipo ankanyadira.

“Amzamba, musandiyang'ane choncho, ine ndinanena chomwe ndinaona. Ntchentche ikalowa m'nyumba muja ndimadziwa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Mwana wanu anatuluka ndi thumba, chinthu chafulati m'kati, akuyang'ana uku ndi uku ngati mkamwini woba nyama mumphika.”

Mayi Dianora anafunsa ngati panalowa munthu wina m'mawa umenewo. Mayi Piccarda analumbira pa manda a amuna awo kuti panalibe. Mlendo ayi, wogula ayi, wansembe ayi, ngakhale wopemphetsa.

“Ndiye kuti a Zanobi anaswera ndi njala tsikulo.”

“Njala yanji? Bindo anawabweretsera mkate monga mwa masiku onse, thabwa lake pamutu, atavundikira nsalu.”

“Mwati panalibe wolowa.”

“Uyo si munthu wolowa, amzamba, uyo ndi mkate.”

Atafunsidwa mmene Bindo anatulukira, zala za mayi Piccarda zinaima koyamba. Anakumbukira kuti anatuluka ndi thabwa lake pamutu, nsalu ili pompo, koma akuyenda mouma khosi ngati mkwatibwi wolowa m'tchalitchi. Masiku ena onse thabwa lopanda kanthu ankalinyamulira m'khwapa. Ndipo sanawapatse moni, sanatukwanenso, zomwe sizinali za Bindo.

*

Munthu wanzeru, anaganiza mayi Dianora, sanganyamule lata lafulati n'kuphikiramo mkate, phala la tchana lingayenderere m'ng'anjo. Payenera kuti wina analipinda m'mbali, ndipo m'dera lonselo wopinda mkuwa anali mmodzi, a Nencio. Nyundo inawagonthetsa kalekale, choncho ankalankhula ngati akuitana chombo chili kutali.

Atamva funso, lomwe mayi Dianora anachita kulikuwira m'khutu mwawo, a Nencio anaika nyundo pansi nalengeza kuti iwo si munthu woulula za ogula awo. Ananena izi mokweza mpaka nkhunda zinauluka padenga. Kenako, mokweza chimodzimodzi, anadandaula kuti dziko lapita. Munthu wamkulu ndithu kubwera ndi mkuwa wabwino chotero, wosalala ngati tsaya la khanda, n'kumati ungondipindira m'mbali msangamsanga. Kumuuza kuti tiliduleko likhale lozungulira, akuti nthawi palibe. Kumuuza kuti tichotse kaye mwayewo, akuti akatsuka yekha kunyumba. Iwo anangopinda, mbali yakuda ili m'kati, monga mwiniwake anafunira.

“Anali ndani?”

“Sindinena! Koma mukamuona mumuuze kuti nsalu yake anaiwala pano, ikundiitanira mbewa.”

Anaikoka pansi pa benchi. Inali yonona ndi mafuta a azitona, ufa wachikasu uli mbuu.

Mayi Dianora analunjika pangodya. Anyamata onyamula katundu padoko anali atandanda kale. Kale Bindo ankatulutsa chiwaya chake poyera, mkate ukuchita thovu, n'kumadula anthu akuona. Tsopano ankadulira m'kati, atafulatira khomo, n'kumatulutsa tizidutswa ting'onoting'ono papepala. Ataona mzamba uja pamzere, thukuta linamutsika ngakhale anali kutali ndi moto. Anawafunsa za Taddeo maso ali pansi.

“Akuthokoza mkate,” anatero mayi Dianora. “Akuti uli ndi mtima wabwino.”

Anatenga kachidutswa kawo nakhotera kuseri kwa chitsime. Kumeneko anakatembenuza. Pansi pake, pomwe mkate umapsa mofiirira, panali timizere tating'ono totukuka. Anakayandikitsa kumaso, n'kukapendeketsa padzuwa.

Linali dzanja. Zala zake zinali masupuni.

*

Akanathamangira kwa kapitawo nthawi yomweyo, koma anaganiza kawiri. Bindo akanangomva mgugu wa apolisi, chiwayacho chikanagona pansi pa doko, ndipo kachidutswa kamodzi ka mkate si mboni, kapitawo akanangokameza. Komanso Bindo anali ndi ana, onse olandiridwa ndi manja omwewa. Mayi Dianora ankafuna kutulutsa munthu m'ngalawa, osati kusinthanitsa.

Anabwerera kwa Bindo namuuza kuti mawa masana, tsiku loti m'mawa mwake n'chikondwerero, akufuna mkate wathunthu wosadula, kuti akapepesere a Zanobi. Bindo anati wathunthu sagulitsa, umathyoka. Iwo anati palibe kanthu, abwera okha adzaime pafupi ndi ng'anjo kuti amuthandize kuuchotsa m'chiwaya. Pomwepo Bindo anati ayi, asavutike, abweretsa yekha pathabwa.

Kapitawo sanavute kuitana, chakudya chaulere sankachikana. Mayi Piccarda anabwera osaitanidwa. A Nencio anabwera kudzabweza nsalu.

Bindo anafika ndi thabwa pamutu, naliika patebulo pafupi ndi chosindikizira. Mkatewo unali wa ngodya zinayi, pamwamba uli wachikasu, ukufuka nthunzi. Asanapume n'komwe anasolola mpeni kuti ayambe kudula. Mayi Dianora anamugwira pamkono.

“Usafulumire, Bindo. Khanda timaliona mbali zonse tisanauze bambo ake kuti lili bwino.”

Anatenga thabwa lina la a Zanobi, n'kuliika pamwamba pa mkate, n'kutembenuza zonse kamodzi, mmene amatembenuzira mwana womusambitsa. Atachotsa thabwa la Bindo, onse anawerama kuti aone.

Anthu a palata aja onse anali pomwepo, pamkatepo. Wa mutu wa sefa patsogolo, mwendo umodzi uli m'mwamba, kumbuyo kwake wa mvukuto, wa maloko, mkazi wa madengu, ndi kagalu ka masupuni pangodya, mchira wake utapsererako pang'ono. Mayi Piccarda anachita chizindikiro cha mtanda. A Zanobi anagwada pang'onopang'ono mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza mkate.

“Ana anga,” anatero. Anayang'anitsitsanso. “Taonani kufiirira kwake. Inki sinandipatsepo mtundu wotere.”

Bindo anakhala pansi osauzidwa, ndipo zonse zinatuluka zokha. M'mawa uja anabwera atatsimikiza kutenga chiwaya chake, koma anachipeza chili mimba ya chimunthu, mfundo zake zosamasulika. Chikondwerero chinali kuyandikira, anyamata a padoko ayamba kale kukagula kwa mnzake wa kumsika. Kuseri kwa chitseko anaona lata lakuda ngati lotayidwa, ndipo mumtima anati mkuwa kulipa mkuwa. Anadziwa chomwe watenga ataliika pamoto koyamba. Phula litasungunuka, anapeza anthu akumuyang'ana kuchokera m'chiwaya. Pamenepo n'kuti Taddeo atamangidwa kale, ndipo iye akaganiza za unyolo, lilime linkamuuma. Ndiye anangomatumiza mkate.

Kapitawo anapukuta manja nanena kuti nkhani yatha bwino. Wopalasa ndi wopalasa, ngakhale mikono ya uyu inali yoonda poyerekeza ndi ya woyamba uja.

“Bwana kapitawo, ndithandizeni, ine ndine mzamba chabe,” anatero mayi Dianora. “Wotenga mkuwa wa mnzake mwiniwake osadziwa, malo ake ndi m'ngalawa?”

“Ndi momwemo, mayi.”

“Ndiye mutenge awiri. Anayamba ndi awa agwada apawa, Bindo ali ku Misa. Ndipo muitane kanjira konse, aliyense adzaloze chake pa chimunthu ichi pamaso pa woweruza. Ine sefa, wosula mbaniro zake.” Anakweza maso pang'onopang'ono. “Ndi mwini chisoti icho, kaya ndi ndani.”

Kapitawo anatsatira maso awo mpaka paphewa la chimunthucho, ndipo khosi lake linafiira. Doko lonse linkadziwa za chisoti chimenecho, chifukwa iye mwini ankasimba m'malo omwera vinyo mmene chinagwera m'nyanja pamene ankalimbana yekha ndi achifwamba asanu. Mayi Piccarda anali atatsegula kale pakamwa. A Nencio, omwe sanamve chilichonse, anakuwa kuti chisoticho akuchidziwa, anachiwongolapo chaka chatha.

Kapitawo anatsokomola. Anati ataganizira mofatsa, sakuonapo kuba pankhaniyi. Akuona anansi awiri omwe anasinthana ziwiya n'kuiwala kuuzana, ndipo boma silingataye unyolo pa zoterozo. Polankhula anatambasula dzanja, n'kunyema mutu wa sefa uja pamkate, n'kuuponya m'kamwa. A Zanobi anabuula ngati alumidwa iwo.

*

Mayi Dianora sanamusiye Bindo kuti apite chomwecho. Anamuyendetsa kutsogolo kwawo mpaka kundende, kuti akanene yekha kwa Taddeo pamaso pa alonda. Bindo ananena zonse, chipewa chili m'manja. Taddeo anamvetsera akudzipukuta udzu, kenako anamuyang'anitsitsa, mikono ija italendewera, mpaka Bindo anayamba kubwerera m'mbuyo.

“Ndiye mkate uja usiya kubwera?” anafunsa Taddeo.

Sunasiye. Lapo ankati unabwera m'mawa uliwonse mpaka Taddeo anamera imvi, ndipo Bindo sanayerekeze kutchula mtengo. Ngalawa zinanyamuka chikondwerero chitatha, Taddeo ataima padoko ndi azakhali ake, akutafuna.

Lata lija silikanalowanso m'chosindikizira, kupinda kunali kutaliwononga. A Zanobi analisiyira Bindo, pangano lake n'lakuti mkate azitulutsa wathunthu, chapansi chili pamwamba, anthu aone kaye asanadye. Akuti mzere unkafika mpaka kuchitsime, ana akulimbirana kagalu, amalinyero akufuna mkazi wa madengu. Zithunzi za a Zanobi zomwe palibe ankazigula papepala, Livorno yense anazidya. Chisoti chinasowa paphewa paja tsiku lomwelo, ndipo palibe anafunsa. Sefa yawo mayi Dianora anachita kuidula okha ndi lumo lawo la uzamba, chimunthucho n'kutsala chopanda mutu.

Lapo anathera pamenepo, vinyo nayenso atatha. Ine ku Livorno ndinafikako pambuyo pake, ndipo kanjira ka kuseri kwa doko ndinakapeza, koma za Zanobi kapena Bindo palibe anazidziwa. Mkate wa tchana ndadya wambiri m'maulendo anga, ndipo chimvereni nkhaniyi chidutswa chilichonse ndimayamba ndachitembenuza, mpaka ogulitsa amandiyesa wamisala. Sindinaonepo kanthu koma kupserera. Mizere ya singano ndi yopyapyala ngati tsitsi, ndipo phala la tchana lothira mafuta sindikhulupirira kuti lingaigwire mpaka munthu n'kuzindikira zala za masupuni. Za mzamba ndi kapitawo ndikhoza kuvomera, anthu otero ndakumana nawo. Koma za chithunzi pamkate, ndikuganiza kuti Lapo anawonjezera.